Tsamba Lodulidwa M'buku la Maukwati

A Gerevazio anapukuta manja pajekete asanakhudze buku la maukwati. Anali katekisiti wa parishi imeneyi kuyambira Elena ali kamwana, ndipo mabuku a mpingo ankawagwira ngati mazira. Anaika bukulo patebulo, nakonza magalasi, n'kuyamba kutembenuza masamba ndi chala chonyowetsa.

Elena Rafaelo anaima kumbuyo kwawo atafumbata chikwama pachifuwa. Unali m'mawa wa Lachiwiri, mwezi wa Julaye, nkhungu yochokera ku Chongoni isanachoke m'mapaini. Mu ofesimo munkazizira.

"Mwati Loweruka lotsatana ndi Pasaka, zaka zitatu zapitazo," anatero a Gerevazio. "Ndikukumbuka bwino. Mzungu wanu anagwada pasimenti mpaka mawondo kufiira. Nambala 39, nambala 40..."

Chala chinaima. Anatembenuza tsamba, nabwereranso. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Chavuta n'chiyani, aphunzitsi?"

"Nambala 40," anayankha. "Kenako 45."

Elena anasuzumira. Pakati pa masamba awiriwo panatsala kachidutswa kopyapyala, kutsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Tsamba lonse linali litadulidwa. Elena anakhala pabenchi.

Tsamba limenelo ndi limene linamuchotsa ku Ireland. Mwamuna wake George, mzungu wa ku Malta, anadza ku Dedza ndi bungwe lina logawa mbewu ya mbatatesi. Anakwatirana m'tchalitchi chomwechi, kenako anapita naye ku Ireland kumene George anapeza ntchito. Patapita miyezi isanu ndi iwiri, George anati mapepala a ku Africa amavuta, bwino akalembetsenso ukwati ku ofesi ya boma ya komweko. Elena anavomera, anaona ngati n'chikondi. Mwezi watha George anakasuma kuti ukwati uthe, ndipo kwa oona za alendo olowa m'dzikomo anangotchula tsiku lachiwiri lija. Setifiketi ya ku Dedza anati sanaionepo.

Loya wa Elena sanazungulire. Anati mlendo amene wasiyana ndi mkazi kapena mwamuna wa ku Ulaya angathe kukhalabe m'dzikomo ngati ukwati unakwana zaka zitatu mlandu usanayambe. Kuwerenga kuchokera ku Dedza, zinali zaka zitatu ndi miyezi iwiri. Kuwerenga kuchokera ku ofesi ija, zinaperewera. Zithunzi za paukwati sizinali zokwanira. Pankafunika kope la zimene zinalembedwa m'buku, lokhala ndi mayina a mboni, siginecha ya wansembe ndi chidindo, kenako likadindidwenso ku Lilongwe. Ndege inali Lachisanu. Kuonana ndi oona za alendo kunali Lolemba. Ndipo mwana wake Sungeni, wa zaka ziwiri, anatsala kwa bambo ake. Elena akathamangitsidwa, mwanayo sakanabwera naye.

"Lembani zimene mukukumbuka, aphunzitsi," anatero Elena. "Munalipo. Munaona ndi maso anu."

"Mwana wanga, ine ndimakopera zimene zili m'buku. Zimene mulibe sindingalembe, ngakhale Abambo wansembe atabwera mawa sangasaine." A Gerevazio anatulutsa kafoni kawo kakale. "Chinthu chotere sichinachitikepo chimangireni parishi ino. Ndikuitana apolisi."

*

Sajeni Pilira Yohana anafika panjinga yamoto kuchokera ku Chimbiya, pasanathe ola. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo pensulo yake inali yotafunidwa kumapeto. Anamvetsera nkhani ya Elena osamudula, kenako ananyamula bukulo n'kupita nalo pawindo.

"Amene anadula anagwiritsa ntchito sizasi," anatero. "Lezala limasiya chipsera patsamba lapansi. Pano palibe. Ndipo dzanja lake silinanjenjemere." Anapendeketsa bukulo. "Bwerani muone ichi."

Pakachidutswa kotsalako panali tiulusi ta buluu, tosokedwa malo atatu, ting'onoting'ono ngati mapazi a nyerere.

"Buku losoka chonchi tsamba lililonse limakhala ndi linzake kutsogolo. Mukadula limodzi, linzakelo limathothoka. Munthu uyu atadula, anakhala pansi n'kusokerera kuti linalo lisagwe." Sajeni anatafuna pensulo. "Ndagwira akuba ambiri. Wokonza chimene waononga sindinamuonepo. Aphunzitsi, tsambali munaliona liti komaliza?"

"Lachisanu lapitali, Mulungu ndiye mboni. Banja la nambala 40 linkafuna kalata, ndiye ndinatsegula pomwepa. Tsamba loyang'anana nalo linalipo, inki yake ndinaiona. Kuchokera pamenepo bukuli sindinalikhudze mpaka lero."

"Patsamba limodzi pamalowa maukwati angati?"

"Anayi. Awiri kuno, awiri kuseri."

"Masabata awiri apitawa, ndani anatsalapo yekha mu ofesi muno?"

A Gerevazio anayang'ana kudenga, akuwerenga ndi zala. "Yekha, palibe. Kupatula... inde, Lolemba la sabata yatha kunabwera Ignasio, mchimwene wake wa Elenayu. Ankafuna kalata ya ubatizo, akuti pali ntchito ina ku Lilongwe. Ndinatulutsa mabuku, kenako mbuzi zinalowa m'dimba la Abambo, ine n'kuthamangira. Nditabwerera anati achedwa basi, adzabweranso. Koma limenelo linali Lolemba. Lachisanu tsamba linalipo."

Elena anadzutsa mutu. Ignasio. Anafuna kulankhula, koma Sajeni anali atafunsa kale lina.

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Abambo ali ndi awo, anapita nawo ku msonkhano wa ansembe. Ine ndili ndi anga. Sachoka m'thumba muno, kupatula Loweruka m'mawa, amayi a mphakati akabwera kudzasesa. Ndimapatsa mtsogoleri wawo, amabweza masana."

"Loweruka lapitali anatenga ndani?"

A Gerevazio anatembenukira kwa Elena, kenako anagwetsa maso.

"A Magadalena. Mayi ake a mwanayu."

*

Anawapeza kudimba, akukumba mbatatesi m'mphepete mwa khwawa. A Magadalena ataona yunifolomu ya polisi sanasiye khasu msanga. Anamaliza phando limene anayamba, nakutumula dothi, kenako anaweramuka.

"Wafika dzulo, lero wandibweretsera apolisi," anatero osayang'ana mwana wawo.

"Amayi, tsamba la ukwati wanga ladulidwa m'buku."

"Nanga si ukwatiwo unaudula kale iwe mwini?"

"Anasuma ndi George, amayi. Ndakuuzani kangati?"

"Mwamuna sasuma popanda chifukwa. Ine bambo ako ndinawapirira zaka makumi atatu, mowa ndi zonse, mpaka ndinawatseka maso. Sindinakwere ndege kukafuna pepala."

Sajeni analowererapo mofatsa. "Mayi, makiyi a ku parishi munawatenga nthawi yanji Loweruka?"

"Belu la 7 litangolira. Ndinabweza dzuwa lili paliwombo."

"Mu ofesi munasesa ndinu?"

"Ine ndinali kuguwa, kukonza maluwa. Makiyi ndinapachika pachitseko, aliyense ankadziwa ntchito yake. Tinalipo amayi asanu ndi awiri. Sindinaike mlonda, kunyumba ya Mulungu sitisungana ngati kundende."

"Singano munali nayo?"

A Magadalena anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Singano? Maso awa? Bowo la singano ndinasiya kuliona chaka cha maliro a bambo ake. Ngakhale batani amandisokera ndi apongozi anga. Mukufuna kundimanga, mangeni chifukwa cha pakamwa panga, osati singano."

"George mumalankhula naye?"

Apa a Magadalena anazengereza. Anatola mbatatesi imodzi, naiponya m'dengu.

"Anaimba katatu. Amalira pafoni, mwana wa eni ake. Amati Elena wasintha, wayamba sukulu ya unamwino, sakumveranso. Anandifunsa ngati mabuku a tchalitchi chathu amasungidwa bwino."

Elena anagwira mkono wa Sajeni. "Mwamva? Amayi, munamuyankha chiyani?"

"Ndinati mabuku a Mulungu sadyedwa ndi chiswe."

"Inu foni mulibe. Ankaimba pa yandani?"

"Pa ya mchimwene wako. Yatsopano ija, yaikulu ngati buledi. Anamutumizira ndi George yemweyo mwezi watha."

*

Panjinga yamoto, ali kumbuyo kwa Sajeni, Elena sanamve mphepo yozizira imene inkamumenya kumaso. Nkhani yonse inali itamveka m'mutu mwake. George anagula Ignasio ndi foni. Ignasio anakaona malo Lolemba, n'kubwerera Loweruka makiyi ali lende pachitseko. Tsambalo mwina linali kale phulusa. Anayesa kukumbukira fungo la tsitsi la Sungeni.

Pa Chimbiya panali phokoso la masiku onse. Maminibasi ankalizirana mahutala, amayi a kabichi ndi tomato akuthamangira mawindo. Ignasio anali pamwamba pa lole, akulongosola matumba a mbatatesi. Ankayenda ndi loleyo ngati wothandiza dalaivala, ndipo masiku ambiri ankagona ku Lilongwe. Ataona mlongo wake ali ndi wapolisi anatsika pang'onopang'ono, akumwetulira kwambiri.

"Sisi wa ku Ulaya! Mwayamba kuyenda ndi asilikali ngati nduna?"

"Achimwene, George anakupatsani chiyani kuti mundiphe?"

Kumwetulira kunazima. Sajeni anamukhazika Elena pambali ndi dzanja, n'kufotokoza mwachidule za tsambalo. Elena ankayang'anitsitsa nkhope ya mchimwene wake. Ankayembekeza mantha kapena kukana. Chimene anaona chinamudabwitsa. Ignasio anatsegula pakamwa ngati munthu amene wauzidwa kuti mbuzi imene amati akabe yabedwa kale.

"Ladulidwa? Ndani wadula?"

"Ndi zimene ndabwerera. Munali kuti kuyambira Lachisanu?"

"Aaa, bwana, pamenepo ndiye mwaphonya. Tinanyamuka Lachinayi kupita ku Limbe. Loweruka lole inafa pa Zalewa, tinagona pansi pake masiku awiri. Ndafika dzulo madzulo. Funsani adalaivala awo, funsani mwini katundu. Onani, ndinajambula."

Anatulutsa foni, n'kuonetsa chithunzi cha lole itatsegulidwa kumaso, iye atadetsedwa ndi oilo mpaka m'zigongono. Tsiku linalembedwa pamwamba. Sajeni anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadina batani lobwerera. Pagalasi la foniyo panaoneka mtsikana wa tsitsi loluka lalitali, atatsamira paphewa la Ignasio. Ignasio analanda foniyo msanga.

"George anakupemphani chiyani?"

"Zoona zake, ananena kuti ndikaone ngati bukulo lilipo. Ndinamuuza kuti ndiona. Foni ndinalandira, nanga ndikane? Koma mzungu ndimangomudyera, sisi. Sindingakugulitseni."

Sajeni anapita kwa dalaivala, nalankhula naye mphindi zochepa, nabwerera akutafuna pensulo. Elena anaona pankhope pake kuti umboni wa Ignasio wagwira. Akanakhala wakuba ndi mchimwene wake, bwenzi akudziwa woti amugwadire.

"A Elena," anatero Sajeni, "takhala tikufunsa za ukwati umodzi. Patsamba paja panali anayi. Enawo anali a ndani?"

"Tsiku limenelo tinalipo mabanja anayi. Awiri anali a ku Kaphuka, sindikuwadziwa bwino. Banja lachinayi..." Anaima. "Achimwene omwewa ndi alamu anga a Gracious. Amayi anafuna kuti ana awo onse akwatire tsiku limodzi."

"Ndi choncho, a Ignasio?"

Ignasio anakanda kumutu, akuyang'ana maminibasi. "Aaa, zija? Zija kunali kungodalitsa. Sizinali zenizeni ngati za sisi."

"Kungodalitsa?" Elena anadabwa. "Munavala suti ya George, mphete ndinakugulirani ndine."

Sajeni anaika pensulo m'thumba.

"Musachoke pa Chimbiya lero," anatero. "Kwerani, a Elena. Pali buku lina limene sitinalione."

*

Dzuwa linali litapendeka pamene a Gerevazio anatsitsa buku la ubatizo. Linali lalikulu kuposa la maukwati, chikuto chake chakuda.

"Ndine Mkatolika inenso," anatero Sajeni. "Munthu akakwatira, mumalembanso m'mphepete mwa dzina lake la ubatizo. Sichoncho?"

"Ndi choncho ndithu. Kuti wina asadzakwatire kawiri."

Anayamba ndi la Elena. M'mphepete mwake munali mzere wa inki yakuda: anakwatiwa ndi George, tsiku lakuti, nambala 42. Elena anauwerenga kawiri, misozi ili m'maso.

"Ichi sichingakwane?"

"Mulibe mboni, mulibe siginecha," anatero a Gerevazio mwachisoni. "Mzerewu ukungoloza ku tsamba lija."

"Taonani, George akanatuma munthu, mzere uwu sukanatsala," anatero Sajeni. "Tsegulani la Ignasio."

A Gerevazio anabwerera zaka zinayi m'mbuyo. Atapeza dzinalo anapuma mokweza, nachita chizindikiro cha mtanda. M'mphepete munalibe kanthu. Koma pepala pamenepo linali lopyapyala, laubweya, ndipo Sajeni atalikweza kuwindo, kuwala kunadutsa ngati pansalu yakutha.

"Apa ndiye panadutsa lezala," anatero. "Mbuzi zija zinakuchedwetsani mphindi zingati, aphunzitsi?"

"Mwina khumi. Mayi Maria! Ndinamusiya ndi mabuku onse awiri."

"Nthawi inamukwanira buku limodzi. Kalata ya ubatizo ija munamulembera?"

"Ine ayi. Ndikanalemba kuti ndi wokwatira, ndimamudziwa. Koma Lachitatu ndinali kunthambi ya parishi, ndipo Abambo athu ndi atsopano, afika Januwale yemweyu. Anthu sakuwadziwa. Iwo amalemba zimene buku lanena."

Elena anayamba kulumikiza zinthu. Mtsikana wa pafoni. Kalata yonena kuti Ignasio sanakwatirepo. Ntchito ya ku Lilongwe inali imeneyo.

"Ndiye kuti achimwene ankafuna tsambalo," anatero pang'onopang'ono, "koma wina anawayambirira."

"Wina amene anali pano Loweruka. Wodziwa sizasi. Woti akadula amasokerera." Sajeni anamuyang'ana. "Mayi anu anati batani amawasokera ndani?"

*

Gracious anakwatiwa chitengwa, ndipo nyumba yake inali kuseri kwa ya a Magadalena. Anali pakhonde, akupalasa makina osokera. Pamphasa panali mulu wa mayunifolomu a sukulu, onse a buluu. Ana ake awiri anali kukasewera. Ngakhale dzuwa linali litatentha, iye anali atavalabe jekete lake lokhuthala, lomanga mabatani mpaka m'khosi.

Ataona alendowo mapazi anaima pachopondera. Anadzuka, nayala mphasa ina, nagwada kupereka moni. Maso sanadzutse.

Elena anakumbukira za dzulo madzulo. Anafotokozera banja lonse chimene wabwerera, ndipo Gracious ndi amene anamubweretsera madzi osamba, osanena kanthu.

Sajeni anatola kaulusi pamphasa, nakakulunga kuchala. "Mumasoka bwino, mayi. Loweruka munali nawo kosesa ku parishi?"

"Ndinali nawo."

"Munasesa mbali iti?"

"Panja."

"Mu ofesi anasesa ndani?"

"Kaya."

"Sizasi mumayenda nayo?"

Gracious anayang'ana manja ake. Anawabisa m'chitenje.

Elena analephera kudikira. Anagwada pamphasa pomwepo, maso ndi maso. "Alamu, ngati mwaotcha ndiuzeni tsopano. Musandisungire chiyembekezo. Ndili ndi mawa ndi mkuja basi. Sungeni akadzuka amandifuna pakhomo la bafa, amaganiza kuti ndabisala. Ndikalephera Lolemba, adzakula akudziwa kuti mayi ake anamuthawa. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Simunandilakwire."

"Nanga bwanji?"

Gracious atayamba kulankhula, mawu ake anali apansipansi, ngati akuwerenga mndandanda wa nsalu.

"Lachitatu la sabata yatha ndinkachapa thalauza la amuna anga. M'thumba munali kalata ya ku parishi, ya chidindo. Inalembedwa kuti Ignasio Rafaelo sanamangepo ukwati. Ndinaiwerenga katatu. Ine amene ndawabalira ana awiri. Ndinaibwezera m'thumba. Madzulo ake ndinawamva kuseri kwa khola akulankhula pafoni. Amati, usadandaule, latsala buku limodzi, ndikabwera ku Limbe ndimaliza. Mtsikanayo bambo ake ndi mkulu wa mpingo ku Lilongwe. Akufuna ukwati woyera, wa chophimba kumaso. Alengeza kale kawiri."

"Bwanji simunakauze Abambo?" anafunsa Sajeni.

"Abambo ndi amene anasaina kalatayo. Aphunzitsi akanauza apongozi anga, apongozi anga akanati ukwati ndi kupirira. Pofika Lolemba tsamba likanapita. Ndiye ine ndikanakhala ndani pamudzi pano? Ndilibe setifiketi, anaitenga kalekale. Kwathu munda anagawana nditachoka." Anasisita jekete pachifuwa. "Ndinangofuna kulisunga. Ndinati zikadutsa ndidzalibwezera, palibe amene adzadziwe. Sindinadziwe kuti alamu akubwera. Kuseri kwa tsambalo sindinayang'ane n'komwe."

"Dzulo munadziwa," anatero Elena. Mawu anatuluka owawa kuposa mmene anafunira. "Munandimva ndikulira pamaso pa amayi."

"Ndinamva. Sindinagone. Koma amuna anga anali atafika, ali m'nyumba. Ndikanalitulutsa bwanji? Ndiponso ndadula buku la Mulungu, alamu. Andidula kumpingo. Apolisi ndi awa abwera."

"Lili kuti?"

Gracious anamasula mabatani a jekete limodzilimodzi. Analivula, nalitembenuza, natenga sizasi yaing'ono pamakina. Anadula ulusi wa nsalu yam'kati kuchokera m'khwapa kutsika. Munatuluka pepala la pulasitiki, lopindidwa bwino, ndipo m'kati mwake munali tsambalo, losapindika ngakhale pangodya.

Elena anaona dzina lake kudzera m'pulasitikimo. Nambala 42. Siginecha ya George, yokhota ngati mbedza. Tsiku. Anatambasula manja onse awiri.

Gracious analibweza pachifuwa.

"Pepani, alamu. Inu sindikupatsani. Ndinu mlongo wawo."

Elena anamva ngati wamenyedwa mbama. Anafuna kukalipa, kunena kuti iye sali ngati mchimwene wake, koma anakumbukira kuti m'mawa womwewo anali wokonzeka kukhulupirira kuti mayi ake omubala amugulitsa. Anatsitsa manja.

"Apatseni a Sajeni," anatero.

Sajeni analandira tsambalo, naliyang'ana mbali zonse ziwiri, nalilowetsa m'kabuku kake kakakulu.

"Ligona kupolisi," anatero. "Mawa 8 koloko tikumana ku parishi, Abambo akangofika. A Elena, mukalandira kope lanu mukwere minibasi yoyamba, maofesi a ku Lilongwe sadikira munthu. Mukachedwa mawa, mwatsala ndi Lachinayi lokha."

"Nanga alamu?" anafunsa Elena. "Muwamanga?"

"Kudula buku ndi mlandu, sindinama. Kupala buku ndi lezala n'kunamiza wansembe kuti asaine bodza ndi mlandu wina, wokulirapo. Odandaula ndi eni buku. Ine ndikanena zimene ndaona, ulusi ndi zonse." Anaimirira, nakutumula siketi. "Koma a Elena, mudziwe kuti ndikuchoka pano kupita kukatenga mchimwene wanu. Mayi anu adzati mwamumangitsa ndinu."

Elena anayang'ana kunjira ya kudimba. A Magadalena ankabwera chapatali, dengu la mbatatesi lili pamutu, akuyenda pang'onopang'ono. Anadziwa kuti mawu amene amve madzulo ano adzawanyamula mpaka m'ndege.

"Ndiwauza ndekha," anatero.

Gracious anali atatola jekete lake, akulowetsa ulusi m'singano kuti atseke pamene anang'amba.

"A Sajeni," anatero osadzutsa mutu, "mawa Abambo akamalemba kope la alamu, alembenso langa. La nambala 44. Adinde chidindo chomwecho."

"Mukalisunge m'jekete?"

"Ayi." Analuma ulusi ndi mano. "Lamulungu akulengeza kachitatu ku Lilongwe kuja. Amafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo. Ndikakhala pabenchi lakutsogolo, ine ndi ana."